Sukulu Yaulere: Chitseko Chatseguka, Nanga M'kalasi Muli Chiyani?

Mu Januwale 2022, makolo a m'dziko la Zambia anatumiza ana awo kusukulu za boma popanda kuyamba agulitsa mbuzi kapena thumba la chimanga kuti apeze fizi. Boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema linali litachotsa malipiro kuyambira kusukulu za mkombaphala mpaka giredi 12. Pulayimale inali yaulere kale kuchokera mu 2002, koma ana ambiri a alimi ankathera panjira chifukwa sekondale inkafuna ndalama zimene makolo awo analibe.

Ana anakhamukira kusukulu, ndipo m'madera ena kalasi imodzi inadzaza ndi ophunzira oposa 100. Chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Linakwezanso thumba la chitukuko la dera lililonse la phungu kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo gawo lina la ndalamazo linapita kogula madesiki, kumanga makalasi ndi kulipirira ana osauka m'sukulu zogonera komweko.

Changu cholemba aphunzitsichi chimamveka bwino munthu akakumbukira zimene zinachitika m'dziko loyandikana nalo la Malawi. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litalengeza pulayimale yaulere, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Aphunzitsi ndi zipinda zophunziriramo zinapereŵera. Anthu zikwizikwi amene sanapiteko kukoleji ya uphunzitsi anapatsidwa choko atangophunzitsidwa masabata ochepa, ndipo makalasi ambiri anakhala pansi pa mitengo. Ana analembetsadi mayina, koma ochuluka ankakwera makalasi asanadziŵe kuŵerenga, ena n'kusiyira panjira. Mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko yapadera yophunzitsa kuŵerenga m'makalasi oyambirira pofuna kukonza vutoli.

Phunziro limeneli likufunikanso tsopano. Mu 2025 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti sekondale za boma m'Malawi zikhala zaulere kuyambira Januwale 2026. Komabe kuchotsa fizi pakokha sikuchulukitsa malo. Mwana amaloŵa Fomu 1 akasankhidwa potsatira mayeso a Sitandade 8, ndipo amene amakhoza mayesowo amachuluka kuposa malo amene alipo.

Kumudzi kulinso malipiro ena amene lamulo silingawafafanize. Yunifolomu, makope ndi sopo zimafuna ndalama. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, mwana amajomba kukagwira ganyu, ndipo amene wafika m'kalasi ndi njala samva zimene mphunzitsi akunena. Atsikana ena amasiya chifukwa cha mimba kapena ukwati, ngakhale kuti maiko onse aŵiri amalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, ndipo mu 2017 Malawi anakonza malamulo ake aakulu kuti munthu asaloŵe m'banja asanakwanitse zaka 18.

Apa ndi pamene alangizi, mafumu ndi makolo ali ndi gawo lawo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Komiti ya sukulu ili ndi ufulu wofunsa kuti ndalama zochokera kuboma zafika zingati ndipo zagula chiyani. Magulu a amayi oyang'anira atsikana angathe kulondola mwana amene wasoŵa m'kalasi sabata yathunthu, asanasoŵe chaka chonse. Mudzi umene wamanga nyumba ya mphunzitsi umasunga mphunzitsiyo, pamene kwina amapempha kusamutsidwa. Phala nalo limakoka ana: bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ntchito yake m'Malawi mu 2002, limadalira anthu a m'midzi odzipereka kuphika, ndipo alimi angathe kuchita chimodzimodzi ndi munda wa sukulu wa chimanga ndi soya.

M'mera mpoyamba. Kholo lililonse, ngakhale limene silinapiteko kusukulu, lingathe kuyeza ndondomeko ya boma pakhomo pake pomwe: kupatsa mwana wa Sitandade 3 kapena giredi 3 pepala la pa thumba la mbewu kuti aŵerenge mokweza. Akalephera, nkhaniyo ikafike kumsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi teremu isanathe.