Mmene ku Cape Town amalondolera khansa ya m'matumbo m'banja lonse

Kwathu ku Chifunde, anthu atatu a mbumba imodzi akamwalira ndi matenda ofanana, m'mimba mopotokola, chimbudzi chamagazi, thupi kutheratu, timafunsana kuti wachita zimenezi ndani. Mlandu umayambira pasiwa pomwepo, ndipo kawirikawiri umagwera gogo wina kapena mbale amene tinalimbirana naye dimba. Kuno ku Cape Town kumene ndikukhala, madokotala akamva nkhani yotereyi nawonso amafunsa za abale, koma mafunso awo ndi ena: malemuwo anadwala ali ndi zaka zingati, nanga atsala ndani? Ndikufuna ndikufotokozereni mmene amachitira, chifukwa mbali ina ya ntchitoyi ingatheke ku Mualadzi kapena ku N'sadzu popanda makina aliwonse.

Khansa ya m'matumbo aakulu nthawi zambiri imabwera munthu akamakula, osati chifukwa cha kumtundu. Koma pa odwala 100 aliwonse, pafupifupi 3 amakhala kuti anabadwa ndi vuto lotchedwa Lynch syndrome. Dzinali ndi la dokotala wa ku America, Henry Lynch, amene analemba za mabanja otere mu 1966, ngakhale kuti Aldred Warthin anali atalemba kale za banja lina la ku Michigan mu 1913. Maselo a m'thupi akamachulukana, amakopera malangizo awo, ndipo nthawi zina amalakwitsa. Pali majini, monga MLH1 ndi MSH2, amene ntchito yawo ili ngati ya munthu wosankha fodya asanamange belo: kuona tsamba lowola ndi kulichotsa. Jini yotere ikakhala yolumala chibadwire, zolakwika zimadutsa osaziona, ndiye khansa imayamba msanga, munthu ali ndi zaka za m'ma 30 kapena 40. Kwa amayi vuto lomweli limabweretsanso khansa ya m'chiberekero chenicheni, yosiyana ndi ya khomo la chiberekero imene timaimva kawirikawiri kuchipatala.

Kholo likakhala ndi jini imeneyi, mwana aliyense angathe kutengera kapena ayi, theka kwa theka. Ndipo pano mumvetse, abale anga. Ife Achewa timawerenga mtundu kuchikazi. Tikafunsidwa za kwathu timatchula amayi, agogo aakazi, atsibweni ndi ana a alongo athu. Abambo anabwera kuchikamwini, ndipo chimene chinapha abale awo kumudzi kwawo ambirife sitichidziwa n'komwe. Jiniyi sisamala zimenezo. Imadutsa kuchimuna monga mmene imadutsira kuchikazi.

Njira ya kuno imayambira kukiliniki ya m'dera lanu. Simungangodzuka n'kupita kuchipatala chachikulu cha Groote Schuur kapena Tygerberg. Amakutumizani ndi kalata, monga mmene kwathu centro de saúde imalembera guia yopita ku Hospital Provincial de Tete. Chimene chimasiyana ndi zochitika munthu akapezeka ndi khansa ali wamng'ono. Kachidutswa ka chotupa cha khansacho amakayezanso kuti aone ngati majini aja akugwira ntchito. Akakayikira, amayeza magazi, kenako wodwalayo amakhala pansi ndi mlangizi wa matenda akumtundu.

Ndinaperekeza mnzanga wa kuntchito kwa mlangizi wotere. Mayiyo anatenga pepala loyera ndi pensulo n'kuyamba kujambula banja lonse: mkazi kamzere kozungulira, mwamuna kabokosi, womwalira amamudula ndi mzere wopingasa, wodwala khansa amamudetsa n'kulemba zaka zake pambali. Anafunsa mbali zonse ziwiri mpaka kwa agogo. Mnzangayo ankaimbira foni azakhali ake kufunsa kuti achimwene a bambo ake anamwalira ndi chiyani. Pepala litadzaza, madontho akuda aja anaoneka akutsika mbali imodzi yokha, m'badwo ndi m'badwo. Anamupatsa makalata oti apereke kwa abale ake akuluakulu, owaitana kudzayezetsa ngati afuna. Palibe amene amakakamizidwa, ndipo ana aang'ono amadikira kuti akule adzasankhe okha. Amene wapezeka kuti sanatengere amakhala ngati wina aliyense, ndipo ana ake sangatengere kwa iye.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya ku Namaqualand, m'chigawo cha Northern Cape, komwe kuli matauni monga Springbok ndi Port Nolloth, mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera ku Cape Town. Ndi dera louma, la anthu ambiri osauka, ndipo kumeneko kuli mabanja aakulu okhala ndi vuto limodzimodzi pa jini ya MLH1. Akatswiri a University of Cape Town ndi Groote Schuur, pakati pawo Raj Ramesar wa za majini ndi dokotala wa opaleshoni Paul Goldberg, anaona kuti anthuwa sangakwanitse kumabwera mumzinda. Choncho anayamba kunyamula makina awo ounikira m'matumbo chaka ndi chaka kupita nawo kuzipatala zing'onozing'ono za kumeneko. Mu 2009 anasindikiza zotsatira zosonyeza kuti amene ankabwera kudzaunikidwa ankakhala moyo nthawi yaitali kuposa abale awo a jini yomweyo amene sankabwera. Ine ndikamva zimenezi ndimaganiza za msewu wochokera ku Tete kupita ku Cassacatiza. Ngati makina anatha kuyenda kukafika ku Namaqualand, sindiona chifukwa chonenera kuti kwathu n'kutali kwambiri.

Kuunikako amati colonoscopy. Dzulo lake sudya nsima kapena ndiwo, umangomwa zamadzimadzi ndi mankhwala otsuka m'mimba, amchere pakamwa, ndipo usiku umathera kuchimbudzi. M'mawa amakubaya mankhwala ogonetsa pang'ono n'kulowetsa kapaipi kofewa ka kamera kudzera kumalo ochitira chimbudzi. Akapeza kachotupa kakang'ono amakadula nthawi yomweyo, kasanasanduke khansa. Amuna ambiri amachita manyazi, ndipo ndikuwamvetsa, koma ntchitoyi sifika ola limodzi nthawi zambiri. Wa Lynch syndrome amayamba ali ndi zaka pafupifupi 25 ndipo amabwereza pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri.

Musaganize kuti kuno zonse zili bwino. South Africa saitana anthu onse kukayezetsa monga amachitira ku England, kumene aliyense wa zaka 50 mpaka 74 amalandira papositi kabotolo koyezera magazi obisika m'chimbudzi zaka ziwiri zilizonse. Kuno amene ali ndi inshuwalansi ya zachipatala, imene amati medical aid, amaunikidwa msanga, pamene wa chipatala cha boma amadikira pamzere. Kukiliniki sulipira, koma kuchipatala chachikulu amayang'ana zimene umapeza ndi mapepala ako, ndipo mlendo wopanda mapepala amavutika.

Nanga kwathu? Magazi m'chimbudzi timafulumira kunena kuti ndi kamwazi, mudzi kapena likodzo, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Koma mukamwa mankhwala magaziwo osasiya, chimbudzi chikasintha kwa milungu ingapo, mukamaonda popanda chifukwa kapena magazi akamachepa m'thupi, bwererani kuchipatala ndipo muuze anamwino za abale amene anadwala chimodzimodzi, ndi zaka zawo. Mawu amenewo angachititse kuti akulembereni guia. Malangizo a madokotala ambiri ndi akuti amene kholo, mbale kapena mwana wake anadwala khansayi ayambe kuunikidwa ali ndi zaka 40, kapena zaka 10 asanafike msinkhu umene mbaleyo anadwalira. Wina akachitidwa opaleshoni ku Tete, ku Beira, ku St Francis ku Katete kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, pemphani pepala la zotsatira ndipo mulisunge bwino, ngakhale wodwalayo atatisiya. Lidzathandiza ana ake.

Kafukufuku wotsogoleredwa ndi John Burn wa ku Newcastle anapeza kuti asipirini amachepetsa khansayi mwa anthu a Lynch syndrome, koma musagule pagolosale n'kumamwa nokha, chifukwa amatha kukhetsa magazi m'mimba. Fodya, kachasu ndi kunenepa kwambiri zimawonjezera ngozi. Mu 2015 bungwe la WHO linaika nyama zokonzedwa kufakitale, monga masoseji ndi poloni, m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, ndipo izi ndi zimene ife obwera kuno timadya ndi buledi tsiku ndi tsiku chifukwa n'zotchipa. Mgaiwa, nyemba, khobwe ndi nkhwani zimene muli nazo kumudzi n'zabwino kwa matumbo kuposa zimenezi.

Inu eni mbumba, tengani kope la mwana wasukulu, mukhale pansi ndi agogo akadali moyo, mulembe amene anamwalira, zaka zawo ndi mmene anadwalira. Mukatha, tumizani munthu kumudzi kwa abambo akafunsenso chimodzimodzi, ndipo kopelo muzilitenga popita kuchipatala.