Kukwatitsa Matimati M'dimba Lanu

 Amai ambiri adandaula kuti matimati akulu a pa msika wa Chisokone ku Kitwe, kapena wa Soweto ku Lusaka, ali okongola m'maso, koma mu mphika wa kapenta angosanduka madzi. Pamene tija tating'ono tomera tokha pa dzala tikometsa ndiwo ngakhale titacepa. Amaiwa sanama ai. M'caka ca 2017 Harry Klee wa ku University of Florida ndi anzace, atapima mitundu 398 ya matimati, anaonetsa kuti anthu posankha zipatso zazikulu ndi zoculuka kwa zaka zambiri anataya kutsekemera ndi fungo osadziwa.

Tsono munthu wa kadimba kuseri kwa nyumba angathe kukwatitsa mitundu iwiriyi. Zipangizo zace ndi singano ndi ulusi basi.

Cimanga ciri ndi mwamuna pa ngaiyaye ndi mkazi pa ndebvu, ndipo mphepo ndiyo nkhoswe. Matimati sali otero. Duwa limodzi liri nazo zonse ziwiri: kacipewa kacikasu kosunga mungu, ndi kamcira kobisala m'kati mwace kolandira munguwo. Duwalo limadzikwatira lokha, ndipo nchito yanu ndiyo kuliletsa.

Mai akhale wa zipatso zazikulu, monga Tengeru kapena Moneymaker, pakuti maluwa ace sabvuta kugwira. Funani duwa losatseguka, limene langoyamba kucita cikasu. Cotsani kacipewa konse ndi singano, osalasa kamcira. M'mawa mwace tengani duwa lotseguka la katimati kang'ono kaja, gwedezerani mungu wace pa cikhadabo, ndi kuukhudzitsa pa nsonga ya kamcira. Mangani ulusi pa phesi kuti mulizindikire. Citani maluwa 10, cifukwa ena adzayoyoka. Ndipo citani m'nyengo ya cisanu, pakuti kutentha kwa October kuononga mungu.

Cipatso cimene cidzapsa pamenepo cidzafanana ndi ca mai wace. Musakhumudwe, ukwati uli m'njere. Finyirani njerezo m'kapu, zikhale masiku 3 kuti zisase, ndipo muzitsuke ndi kuziyanika pamthunzi.

Mukazibzala, ana onse adzafanana, ndipo zipatso zao kawirikawiri zitsamira ku ung'ono wa atate. Apa ndi pamene ambiri alekera, nati nchito yapita pacabe. Koma ine nditi yangoyamba. Wansembe wa ku Brno, Gregor Mendel, analongosola m'caka ca 1866 kuti khalidwe lobisika mwa ana limaturukira mwa mdzukulu mmodzi pa anai. Cotero mukabzala njere za anawo, adzukulu adzasiyana kwambiri: wina wamkulu wosakoma, wina wamng'ono wowawasa, wina wong'aluka khungu, ndipo kapena mmodzi yekha wamkulu pang'ono ndi wokoma. Mukabzala asanu mudzamphonya. Bzalani 20 kapena 30, ngakhale kubwereka mzere kwa mnansi wanu.

Woweruza ndi lilime. Lawani cipatso copsera pa mtengo, mtengo uli wonse pa wokha, ndipo a m'nyumba alawenso, makamaka iwo amene aphika. Munthu wocokera ku nchito ya usiku ndi njala ayesa ciri conse cokoma. Mtengo wodwala muutaye ngakhale ukome bwanji. Sungani njere za mitengo iwiri yopambana, ndi kulemba m'kabuku.

Muyenera kusankha motero kwa mibadwo 6 kapena 7 kuti mtunduwo ukhazikike. Wobzala kawiri pa caka adzatha zaka 3 kapena 4. Ndi cifukwa comweci njere zosungidwa za mbeu ya m'sitoro yolembedwa F1 zibala zosiyanasiyana: mbeu imeneyo ndi ana, ndipo inu mwabzala adzukulu. Wosafuna kubvutika ndi singano angayambire pomwepo kusankha.