Nsanja yopanda masitepe m'nkhalango ya Gisselfeld

Dziko la Denmark lilibe mapiri. Chitunda cha Møllehøj, chomwe ndi chachitali kuposa zonse, sichipitirira mamita 171 kuyeza kuchokera pa nyanja yamchere. Munthu wakumeneko akafuna kuona dziko lake ali pamwamba, pokwerapo amachita kumanga.

N'zimene zinachitika m'nkhalango ya Gisselfeld, pachilumba cha Sjælland, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pagalimoto kuchokera ku Copenhagen kulowera kum'mwera. Mu Malichi 2019 eni malo achisangalalo a Camp Adventure anatsegula nsanja yotalika mamita 45 pakati pa mitengo ya beech ndi oak. Mapulani ake anajambula ndi a kampani ya EFFEKT ya ku Copenhagen, ndipo mainjiniya a Arup ndiwo anawerengetsera kuti iime bwanji. Chaka chomwecho magazini ya Time inaiika pamndandanda wa malo 100 oyenera kukaona padziko lonse.

Nsanja zambiri za m'nkhalango zimatengera maonekedwe a chinthu chamoyo. Ya ku Neuschönau m'nkhalango ya Bavaria ku Germany, yomwe inatsegulidwa mu 2009, ndi dzira lalikulu la matabwa lotalika mamita 44. Ku Netherlands kuli Tij, kanyumba koonerapo mbalame kofolera ndi bango, kowumbidwa ngati dzira la mbalame ya m'nyanja imene imaswa pafupi pomwepo. Amene anafikapo ku Kirstenbosch mu mzinda wa Cape Town akudziwa mlatho wa Boomslang, wa mamita 130, wotengera mafupa a njoka. Zonsezi n'zokongola, ndipo mlendo savutika kufotokoza kunyumba zomwe waona. Ya ku Gisselfeld siifanana ndi dzira, mtengo kapena nyama. Komabe ndi imene, kwa ine, inamvetsetsa nkhalango kuposa zinzakezo.

Tiyambe ndi kaimidwe kake. Pansi ndi yotambalala, pamwamba ndi yotambalala chimodzimodzi, koma m'chiuno ndi yopyapyala, pafupifupi theka la kukula kwa tsinde. Woiona ali patali amaganiza kuti zitsulo zake anachita kuzipinda. Ayi ndithu, zonse n'zowongoka. Tengani mtolo wa bango, muuimike, muupotoze kumutu: bango lililonse likhalabe lowongoka, koma mtolo uwonda pakati n'kuyanzika kunsonga ndi kutsinde. Ndi mmene zitsulozo zilili, zina zopendekera kumanja, zina kumanzere, zikupingasana ndi kulimbitsana. Nzeru imeneyi si yatsopano. Injiniya wa ku Russia, Vladimir Shukhov, anaionetsa koyamba mu 1896 pa nsanja ya thanki ya madzi ku Nizhny Novgorod. Ubwino wake ndi woti chitsulo chowongoka n'chosavuta kusula ndi kunyamula, ndipo chimango chotere chimapirira mphepo popanda kudya chitsulo chochuluka.

Kupyapyala kwa m'chiunoko kuli ndi ntchito ina. Mtengo umatambasula nthambi chakumtunda, ndipo pamene mitengo yozungulira ikufuna malo, nsanjayo imadzipanikiza n'kuisiyira. Ikadutsa nsonga zawo m'pamene imafutukukanso, kuti pamwamba paime anthu ambiri. Pakatikati pa chimangocho pali mitengo itatu ya beech, ndipo wokwera amaizungulira kuyambira kutsinde mpaka kuiona ili pansi pake.

Masitepe palibe. Njira yokwerera ndi yotsetsereka, yotalika mamita pafupifupi 650, ndipo imazungulira ka 12 isanafike pamwamba. Tikawerengera, munthu amayenda mamita 14 kuti akwere mita imodzi. Mayi wokankha mwana m'chikuku amafika pamwamba, agogo oyendera ndodo nawonso amafika, ndipo wa panjinga ya olumala sasiyidwa pansi kuti azilondera zikwama za anzake. Koma phindu lina la njirayi n'lakuti imamuchedwetsa dala munthu. Pa masitepe maso amakhala kumapazi, mtima uli pa kuwerenga zotsala. Panjira yotsetsereka maso amamasuka. Choyamba umaona makungwa ndi ndere, mdima uli bii ngakhale masana chifukwa masamba a beech amatchinga dzuwa kwambiri. Kenaka nthambi zimayamba kukuyandikira, mbalame zomwe unkazimva kumwamba n'kukhala zili pambali pako. Kuzungulira kwina kuwiri kapena kutatu, kuwala kumangoti ngwee, mphepo n'kukuwomba kumaso. Kunja kukayera, akuti munthu amaona nyumba zazitali za ku Copenhagen. Koma amene wathamangira zimenezo wataya zambiri m'njira, ndipo omangawo ankadziwa.

Ngakhale kufika patsinde pa nsanjayo sikwachangu. Mlendo amayamba wayenda mamita pafupifupi 900 panjira ya matabwa yokhotakhota pakati pa mitengo, m'mbali mwa madzi ndi m'madambo.

Zomangira ndi ziwiri basi. Chimango ndi cha chitsulo chotchedwa Corten, chimene sichipakidwa penti. Chimachita dzimbiri pamwamba pokha, ndipo dzimbirilo limagwirana n'kutchinjiriza chitsulo cha mkati kuti chisadyeke. Motero palibe woti abwere ndi zitini za penti m'nkhalango zaka zingapo zilizonse, ndipo mtundu wake wofiirira umasowera pakati pa masamba ouma a nyengo ya kuyoyoka. Popondapo ndi matabwa a oak ochekedwa m'nkhalango za m'dera lomwelo. Nawo amachita imvi pang'onopang'ono ndi mvula ndi dzuwa.

Tisanyengane, chitsulo chochuluka chotere sichinamere m'nkhalangomo. Anachisungunula m'ng'anjo, anachibweretsa pa malole, ndipo pansi pake pali maziko okumba. Nsanja yotchuka imaitananso chikhamu cha anthu, magalimoto ndi malo oimikapo. Palinso nkhani ya ndalama. Lamulo la ku Denmark limalola munthu aliyense kuyenda m'tinjira ta nkhalango zikuluzikulu za eni ake kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka dzuwa kulowa, osalipira kanthu. Pansanjapa pamafunika tikiti, ndipo si yotchipa.

Pa vuto la chikhamu, yankho la omangawo lili m'njira ya matabwa ija. Mizu ya beech imayenda pafupi ndi pamwamba pa nthaka, ndipo dothi likapondedwa tsiku ndi tsiku limagangalika, madzi ndi mpweya osalowanso, mtengo n'kuyamba kuuma kunsonga patapita zaka. Anthu masauzande akamayenda pa matabwa okwezedwa, mapazi awo safika pamizu, ndipo onse amadutsa mzere umodzi mmalo momwazikana nkhalango yonse. Za tikiti, eni malowo ndi amene amaika mtengo.