Zikhulupiriro za M'mudzi ndi Ophunzira a ku Zomba

Nkhani ya lero ikukhudza mawu amene womvera aliyense, kaya ali ku Nsanje, ku Dedza kapena ku Mchinji, anauzidwapo ali mwana. Usaimbe mluzu usiku, ungaitane afiti. Usakhale pa mtondo. Usaloze manda ndi chala. Kadzidzi akalira padenga, m'nyumbamo mugwa maliro. Mawu otere sapezeka m'buku la sukulu, ndipo palibe mfumu imene imawalengeza pabwalo, komabe amalamula zochita za anthu ambiri kuyambira m'mamawa kufikira usiku.

Sukulu ya Ukachenjede ya Malawi inayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1965, ndipo mu 1973 Chancellor College inachoka ku Chichiri mu Blantyre kusamukira ku Zomba. M'zaka zimenezo aphunzitsi ena anazindikira kuti nzeru zambiri za dziko lino sizinali m'nyumba yosungiramo mabuku koma m'mitu ya nkhalamba za kumudzi, ndi kuti nkhalamba ikamwalira imapita nazo. Motero anayamba kutuma ophunzira kuti akapita kwawo patchuthi akakhale pansi ndi akuluakulu, akamve ndi kulemba. M'chaka cha 1976 kunatuluka kabuku kotchedwa Kalulu, kosindikiza nthano ndi nyimbo za makolo, ndipo mmodzi mwa akonzi ake anali Jack Mapanje. Mu 1985 Bambo Matthew Schoffeleers ndi Adrian Roscoe anatulutsa buku la Land of Fire, momwe muli nthano zimene ophunzira anathandiza kusonkhanitsa. Tsono munthu akakhala ndi nkhalamba kuti amve nthano, sabwerako ndi nthano zokha: amabwerakonso ndi zoletsa, malodza ndi zikhulupiriro zimene nthanozo zimayendera limodzi.

Ntchito yotere si yapafupi. Wophunzira amene wafika ndi cholembera m'dzanja ndi kuyamba kufunsa ngati wapolisi amabwerera wopanda kanthu. Ayenera kukhala pamphasa, kupereka moni monga mwa mwambo, ndi kudikira kuti agogo ayambe okha. Akaseka ngakhale pang'ono, nkhani yathera pomwepo. Ayeneranso kulemba mudzi ndi boma kumene wamva mawuwo, pakuti choletsa chimodzi chimakhala ndi zilango zosiyana: kwina amati mtsikana wokhala pa mtondo sadzakwatiwa, kwina amati adzatuluka zithupsa. Funso lovuta koposa ndi lakuti, "Chifukwa chiyani, agogo?" Kawirikawiri yankho limakhala lakuti, "Tinazipeza choncho." Apa ndi pamene ntchito yeniyeni ya wophunzira imayambira.

Munthu akaziika pamodzi zikhulupirirozi ndi kuzilingalira, amaona kuti sizili za mtundu umodzi. Zina ndi malangizo abwino amene anavekedwa chovala choopsa kuti mwana amvere. Mtondo ndi chiwiya cha chakudya, ndipo suyenera kukhudzana ndi matako a munthu, komanso umagubuduka. Fuwa limasunga moto ngakhale likuoneka lozizira. Wosesa usiku ndi nyali ya koloboyi amataya singano ndi ndalama pamodzi ndi zinyalala. Usiku mudzi umafuna bata kuti wofuula kapena fisi wolowa m'khola amveke msanga, choncho mluzu ndi wosafunika. Mwana wa zaka zisanu sangamvetse zaukhondo, koma chithupsa amachidziwa. Makolo anasankha mawu amene mwanayo angawaope.

Mtundu wachiwiri ndi wa malodza, ndiko kuti zinthu zachilendo zimene anthu amati zikulosera tsoka. Munthu akapeza nanzikambe akukumba pansi, mtima umamugunda, amvekere kwathu kwagwa zovuta. Komatu nanzikambe wamkazi amatsika mumtengo ndi kukumba dzenje kuti aikiremo mazira. Kadzidzi amabwera pafupi ndi nyumba chifukwa cha makoswe a m'nkhokwe, ndipo mlimi amene wamupha wapha mlonda wa chimanga chake. Nanga bwanji anthu amalumbira kuti malodza amachitikadi? Munthu amakumbukira usiku umodzi umene kadzidzi analira ndipo m'mawa mwake kunabwera uthenga wa maliro, koma amaiwala masiku ambirimbiri amene analira popanda kanthu.

Mtundu wachitatu ndi umene uyenera kumvetseredwa bwino, chifukwa umakhudza moyo. M'midzi yambiri mayi woyembekezera amaletsedwa kudya mazira poopa kuti mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Chonsecho dzira ndi chakudya chomanga thupi chimene mayiyo ali nacho pakhomo pomwepo, pamene nyama ndi nsomba zimafuna ndalama. Liwombo la mwana wotsegula m'mimba likalowa, ena amathamangira kulimata mankhwala, pamene kulowako n'chizindikiro chakuti madzi atha m'thupi, ndipo mwanayo akufuna kuyamwa, madzi a Thanzi ndi chipatala.

Chachikulu pa zonsezi ndi mdulo kapena tsempho. Mwambo wa Achewa umagawa anthu pawiri, otentha ndi ozizira. Amene wakhala malo amodzi ndi mnzake ndi wotentha. Khanda, wodwala ndi namwali amene ali m'tsimba ndi ozizira. Wotentha akagwira wozizira pa nthawi yoletsedwa, kapena mkazi amene ali kumwezi akathira mchere m'ndiwo, amati wamudula mnzake. Chikhulupiriro chimenechi chinali mpanda wa banja: bambo ankaopa kuyenda njira zamseri podziwa kuti mwana akadwala, mudzi wonse uloza iye. Koma taonani zizindikiro za mwana amene amati wasemphedwa: kutupa nkhope ndi mapazi, tsitsi lofiira ndi lopyapyala, kusowa chilakolako cha chakudya. Izi ndizo zizindikiro za nthenda yosowa chakudya choyenera m'thupi, imene Dr Cicely Williams, pogwira ntchito ku Gold Coast, dziko la Ghana lero, anaidziwitsa kwa madokotala ndi dzina lakuti kwashiorkor m'chaka cha 1935. Nthendayi imachizika mwana akafika msanga kuchipatala. Tsoka lake ndi lakuti pamene ankhoswe ndi anamkungwi akhala pansi masiku atatu kufufuza amene wasempha mwana, mwanayo akunka nafooka.

Pali pena pamene chikhulupiriro chimasanduka mpeni. Mu Januwale 2016, ku Neno, nkhalamba zinayi zinaphedwa poganiziridwa kuti zinatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongokhala achilendo pamudzi. Omvera adziwe kuti lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo wotero akhoza kuimbidwa mlandu.

Apa ndi pamene pali phindu la ntchito imene ophunzira aja anayamba. Chikhulupiriro chikamangonong'onedwa m'nyumba, palibe amene angachiyese. Chikalembedwa pamodzi ndi chilango chake ndi chifukwa chake, chimakhala ngati chimanga chosinja chimene chaikidwa m'lichero, ndipo mphale ndi gaga zimalekana. Namwino amene akudziwa tanthauzo la tsempho sakalipira mayi wobwera mochedwa, koma amamuuza kuti za mwambo azikambirana kunyumba pamene mwana akulandira chithandizo. Mphunzitsi amene akudziwa chifukwa chimene mtondo unaletsedwera amaphunzitsa zaukhondo popanda kunyoza agogo a anawo.

Akale anati safunsa anadya phula. Mnyamata kapena mtsikana amene adzaletsedwe kanthu madzulo ano asaseke ndiponso asangoopa. Akhale pansi mwaulemu, afunse chiyambi chake, ndipo alembe m'kope dzina la mudzi ndi mawu enieni a agogowo. Koma m'nyumba imene muli mwana wotupa mapazi, mafunso adikire: ulendo woyamba ukhale wa kuchipatala.