Dzira mu microwave lili ngati rediyeta ya minibasi

Ku Chazanga, monga m'makomboni ena a mu Lusaka, dzira ndi ndiwo yopulumutsa pakati pa mwezi. Pa kantemba umagula limodzi kapena awiri, amene ali ndi kangachepe amatenga thireyi ya mazira 30. Kuphika ndiye kumavuta. Kuyatsa mbaula chifukwa cha dzira limodzi n'kuwononga malasha, ndipo chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku damu la Kariba lopangira magetsi, panali masiku amene kampani ya ZESCO inkapereka magetsi kwa maola atatu okha. Anthu anaphunzira kuti magetsi akangobwera, chilichonse chichitike mwachangu. N'chifukwa chake m'nyumba zimene muli microwave, ngakhale yogula kwa wina ataigwiritsa kale ntchito, munthu amaganiza zoponyamo dzira kuti mwana adye asanathamangire kusukulu. Maganizowo si olakwika, koma dzira lolowa mmenemo ndi chigoba chake likhoza kuphulika. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyeni tikwere minibasi.

Aliyense woyenda mu Great North Road mwezi wa Okutobala anaionapo minibasi itaima pambali pa msewu, injini itatentha. Dalaivala amatsitsa okhala kutsogolo, n'kutukula mpando, kondakitala n'kuthamangira madzi ndi chigubu. Koma dalaivala wodziwa ntchito satsegula chitsekerero cha rediyeta pompo. Amadikira kaye, kenako amachigwira ndi chinsanza chochindikala, n'kupotokola pang'ono nkhope atayang'anitsa kumbali, mpaka phokoso lija loti "tsiii" litatha. Amadziwa kuti madzi otsekeredwa amapitirira madigiri 100 osawira, chifukwa alibe kotulutsira nthunzi. Mukawatsegulira mwadzidzidzi, ambiri amasanduka nthunzi nthawi imodzi, ndipo nthunzi imafuna malo ochuluka pafupifupi ka 1,700 kuposa madzi amene yachokerako. Zotsatira zake ndi madzi otentha othovokera kumaso.

Dzira nalonso ndi madzi otsekeredwa. Choyera chake pafupifupi magawo 9 pa magawo 10 ndi madzi, ndipo chachikasu chija pafupifupi theka ndi madzi. Kunja kuli chigoba, m'kati mwa chigoba muli nembanemba, chachikasucho nachonso chili ndi kanembanemba kakekake. Zitsekerero zilipo zitatu.

Wina afunsa kuti, nanga bwanji mumphika siliphulika? Mumphika kutentha kumalowa pang'onopang'ono kuchokera kunja, ndipo madzi a mumphika wosatseka mwamphamvu sapitirira pamene amawirira. Ku Lusaka, komwe kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96. Dzira lomwe lili m'madziwo silingatenthe kuposa pamenepo, choncho m'kati mwake simupangika nthunzi yoti n'kuliswa. Komanso silifuna moto wambiri: choyera chimayamba kulimba pa madigiri 62 mpaka 65, chachikasu pa 65 mpaka 70.

Microwave imagwira ntchito mwanjira ina. Muli kachipangizo kotchedwa magnetron kamene kamatulutsa mafunde osaoneka, osinthasintha maulendo 2.45 biliyoni pa sekondi. Mafundewa amalowa m'chakudya masentimita awiri kapena kuposerapo pang'ono, n'kumatembenuza tizigawo ta madzi uku ndi uku mpaka kutentha kubadwire m'chakudya momwemo. Dzira ndi laling'ono, moti mafunde amafika mpaka pakati. Palibe madzi a mumphika oletsa kutentha kupitirira malire, ndipo malo ena amatentha kwambiri kuposa ena. Chigoba chili ndi timabowo tambirimbiri topumira mwanapiye, koma n'tating'ono kwambiri, sitingatulutse nthunzi yopangika m'masekondi ochepa. Mapeto ake, phuu! Dzira lamwazikira m'makoma onse a microwave, fungo ladzaza nyumba.

Ngoziyi ndi yakale ngati makinawo. Mu 1945 Percy Spencer, katswiri wa kampani ya Raytheon ku America, anaona kuti chokoleti chasungunuka m'thumba mwake ali pafupi ndi magnetron. Anayesa mbuliwuli, zinatheka. Atayesa dzira, linaphulikira kumaso kwa mnzake amene ankasuzumira. Microwave yoyamba kugulitsidwa, ya mu 1947, inali yaitali pafupifupi mamita 1.8 ndi yolemera makilogalamu oposa 300. Lero ikukwana pa kashelefu, koma dzira silinasinthe khalidwe.

Choopsa kwambiri si dzira lophulikira m'kati chitseko chili chotseka, chifukwa pamenepo ntchito ndi yokolopa basi. Choopsa ndi dzira lotuluka bwinobwino, looneka lofatsa, ngati rediyeta imene sinatsegulidwe. Izi zimachitika makamaka ndi dzira lowiritsa kale, ngati aja ogulitsa pa siteshoni ndi mchere ndi tsabola. Munthu wafika nalo kunyumba litazizira, walisenda, akuti alitenthetseko pang'ono. Poti chigoba chachoka, amaona ngati palibe vuto. Koma choyera chija chitalimba chimakhala chitsekerero pachokha, ndipo m'kati mwa chachikasu mumatsala timadzi totsekeredwa timene timapitirira madigiri 100 osawira. Foloko ikangolasa, kapena mano akangoluma, chitsekerero chatseguka.

Mu 2017 akatswiri a za phokoso, Anthony Nash ndi Lauren von Blohn, anafotokozera msonkhano wa Acoustical Society of America zimene anapeza atatenthetsa mu microwave mazira owiritsa kale pafupifupi 100, atamizidwa m'madzi. Anachita izi chifukwa cha mlandu wa munthu amene dzira linamuphulikira m'kamwa mu lesitilanti. Mazira ena anaphulikira m'makina momwemo, ena anadikira mpaka atalasidwa ali kunja. Anapezanso kuti chachikasu chinkatentha kuposa madzi amene dziralo linamizidwamo. Ndiye kuti kukhudza kunja kwa dzira sikungakuuzeni zimene zili m'kati.

Njira yake ndi ya dalaivala uja: perekani potulukira nthunzi, chepetsani moto, dikirani, nkhope ikhale kutali.

Chosavuta koposa ndi dzira lopakasa. Iswani mazira awiri m'kapu yadothi kapena yagalasi imene mwapakamo timafuta pang'ono. Thirani mchere ndi masipuni awiri a mkaka kapena madzi, kenako menyani ndi foloko mpaka choyera ndi chachikasu zisakanikirane. Pamenepo zitsekerero zonse zasweka. Ikani masekondi 30, tulutsani, takasani, bwezeraninso masekondi 20 kapena 30. Chotsani likadali lonyowerera pang'ono pamwamba, chifukwa limapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe. Mukalisiya nthawi yaitali limauma n'kumatafunika ngati mphira. Ngati mukufuna tomato ndi anyezi kuti likhale ndiwo ya nsima, yambani mwaphika zimenezo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, dzira libwere pambuyo.

Amene akufuna dzira lathunthu athire madzi theka la kapu, aswere dzira m'madzimo, ndipo abaye chachikasu kawiri kapena katatu ndi nsonga ya foloko. Avundikire ndi sosala mosatseka kwambiri, achepetse mphamvu ya makina kufika pakati, aphike kwa mphindi imodzi. Belu likalira asafulumire kusuzumira. Adikire mphindi ina imodzi. Makina amasiyana mphamvu, ena mawati 700, ena 1,000, choncho ndi bwino kuwonjezera masekondi 10 nthawi iliyonse kusiyana n'kuyamba ndi nthawi yaitali. Kwa ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi odwala, chachikasu chilimbe ndithu, chifukwa dzira losapsa likhoza kukhala ndi kachilombo ka Salmonella kotsegula m'mimba. Dzira lowiritsa kale, ngati simukufuna kulidya lozizira, liduleni zidutswa zinayi musanalitenthetse, apo ayi limizeni m'madzi otentha a mu ketulo kwa mphindi zingapo.

Kapu kapena mbale yachitsulo, ngakhale zija zopaka utoto woyera, zisalowemo, ndipo foloko isatsalire m'kapu, chifukwa chitsulo chimathetheka mu microwave. Pa za mayunitsi a magetsi musadandaule: makina okoka mawati 1,200 akayaka mphindi ziwiri amadya mayunitsi 0.04, kutanthauza kuti yuniti imodzi ikhoza kukuphikirani kadzutsa wotere ka 25.

Ngozi ikachitika, thirani madzi ozizira oyera pamalo opsawo kwa mphindi 20. Osapakapo mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira kapena dzira lina laliwisi. Ngati ndi m'maso kapena m'kamwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo popeza nthawi zambiri amene amatsala ndi microwave masana ndi ana, auzeni lamulo limodzi lomwe sangaliiwale: dzira lisalowe mu microwave lisanaswedwe, kubayidwa kapena kudulidwa.