Ntchito ya Mlangizi wa Zosonkhetsa Ndalama

Anzanga, tikamakamba za ntchito zimene anthu amagwira akamaliza sukulu timangotchula uphunzitsi, udokotala ndi uloya. Lero ndati ndikufotokozereniko ntchito ina imene ambiri sitiidziwa, ya munthu wolangiza mabungwe osachita malonda za momwe angapezere ndalama. Mabungwe oterewa, monga osamala ana amasiye kapena oyendetsa zipatala, amadalira chifundo cha anthu. Chifundocho chikaphwa, ana aja amagona ndi njala.

Ntchitoyi inakhazikika ku America. M'chaka cha 1905 a Charles Sumner Ward ndi a Lyman Pierce anagwirizana zomaliza msonkhamsonkha womangira nyumba ya bungwe la achinyamata la YMCA mumzinda wa Washington. Msonkhamsonkhawo unali utatenga zaka ukuyenda mwakachetechete, koma iwo anaudulira masiku 27 okha ndipo ndalama zinakwana. Njira zimene anatchuka nazo ndi izi: ankayamba alankhula ndi anthu olemera kuti alonjeze zopereka zikuluzikulu, kenaka ankagawa anthu odzipereka m'magulu opikisana, ndipo pabwalo ankapachika wotchi yaikulu imene muvi wake unkasonyeza ndalama zimene zapezeka. Anazindikira kuti munthu amafulumira kupereka akadziwa tsiku lotsekera ndiponso akaona kuti anzake apereka kale. Mu 1917, nthawi ya nkhondo yoyamba yadziko lonse, a Ward anathandiza kutsogolera msonkhamsonkha wa American Red Cross umene unapitirira madola 100 miliyoni. Mu 1919 anatsegula kampani yawo yolangiza mabungwe.

Kodi tsono mlangizi amachita chiyani akaitanidwa? Choyamba amacheza mwachinsinsi ndi anthu amene angathe kupereka, n'kuwafunsa ngati bungwelo amalikhulupirira ndiponso ngati ndalama zimene likufuna zingapezekedi. Akaona kuti sizingatheke, amawauza atsogoleri mosapsatira, ngakhale aipidwe. Akaona kuti zitheka, amawathandiza kulemba momveka bwino cholinga cha ndalamazo, n'kuwaphunzitsa kupempha okha, pakuti wopereka amafuna kumva kwa mwini ntchito. Pomaliza amawakumbutsa kuthokoza ndi kufotokoza momwe ndalama zayendera. Paja akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndiye amene waika amafuna kudziwa kuti chake chili pabwino.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi nkhani ya malipiro. Bungwe la Association of Fundraising Professionals, limene linayamba mu 1960 ndi dzina lina, limaletsa mamembala ake kulandira gawo la ndalama zimene zasonkhedwa. Malipiro awo amagwirizana ndi ntchito imene agwira. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mlangizi wodyerera pa chopereka chilichonse angathe kukakamiza nkhalamba kupereka chuma chake chonse, kapena kukokomeza mavuto a bungwe kuti thumba lake lidzaze. Anthu akangotulukira zimenezi amaleka kupereka, ndipo wovutika ndi mwana wamasiye uja.

Choncho amene angaifune ntchitoyi alimbikire masamu ndi kulemba bwino, komanso aphunzire kumvetsera ena akamalankhula. Koposa zonse azolowere kukhulupirika pa tindalama tochepa timene amamusungitsa anzake lero, chifukwa mawa adzalangiza za ndalama zambiri zimene si zake.