Za Mbiya Zofululira Thobwa ndi Mowa

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, phunziro lathu la sayansi tilitenga kuseri kwa nyumba, kumene amai amafulula thobwa ndi mowa wa masese. Mowa si cakumwa ca ana, ndipo lamulo limaletsa kuugulitsa kwa munthu wosakwana zaka 18. Koma nchito yocitika m'mbiya ndi yomweyo imene imatupitsa buledi ndi kusasitsa mkaka, motero iyenera kudziwika.

Wofulula sakhala ndi ciwiya cimodzi cokha. Phala amaliphika m'nkhali kapena mumgolo wacitsulo pamoto waukulu. Likapsa amalitsanulira m'ziwiya zina kuti lipole, ndipo likafunda, osati kutentha kowaula dzanja, amathiramo cimera. M'cimera, kaya ca mawere kaya ca cimanga, muli mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga, ndipo phala logaduka limaononga mphamvuyo. Phala lofunda bwino limasungunuka ndi kutsekemera. Limenelo ndilo thobwa.

Tsopano tifike pa mbiya, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Dothi lootcha lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo m'menemo mumatsalira tizamoyo ta mitundu iwiri. Yisiti imadya shuga ndi kutulutsa ukali wa mowa pamodzi ndi mpweya wochedwa kaboni dayokisaidi, umene umacititsa thobvu lija mumaliona likuwira popanda moto. Mabakiteriya ena ndiwo amasasitsa cakumwaco. Louis Pasteur wa ku France anaonetsa m'caka ca 1857 kuti kusasa kotere ndi nchito ya tizamoyo. Agogo athu sanationepo, koma anazindikira okha kuti mbiya yakale imawiritsa msanga kuposa yongocoka kwa woumba. Cifukwa ca ici mai wodziwa nchito yake saika thobwa la ana m'mbiya ya mowa, pakuti posapita masiku lingayambe kuledzeretsa. Ophika munkoyo nawonso amasunga cipanda cao cimodzi osacisinthasintha, kuti cakumwa cisasinthe kukoma.

Mbiya imabvundikiridwa ndi licero kapena masamba a nthoci, kuti fumbi ndi nchenche zisalowe koma mpweya uzituluka. Amene amathira mowa wosatha kuwira m'cigubu ca pulasitiki ndi kumanga citsekero zolimba, cigubuco cimafufuma, mwina kuphulika kumene.

Tsiku lokuntha lifunika maso. Mowa umapyola m'khuntho, thumba lolukidwa ndi mlaza, kulowa m'mbiya ina, ndipo masese amatsalira. Mbiya yolandirayo ikhale yotsuka ndi madzi owira ndi youma padzuwa, manja akhale osamba, ndipo kutsanula kukhale kwapang'onopang'ono. Mowa wokhuthulidwa mwaphuma umasakanizika ndi mpweya wakunja, ndipo mpweya umenewo umathandiza mabakiteriya a mtundu wina kuusandutsa viniga. Kucedwa kukuntha nako kumauwawasitsa, ndiye cimanga ndi nkhuni za masiku ambiri zapita pacabe.

Pali ziwiya ziwiri zimene tiyenera kuzikana kwamtuwagalu. Coyamba ndi cigubu kapena mgolo umene munali mankhwala opopera thonje, petulo kapena dizilo. Kutsuka sikucotsa poizoni yense, makamaka m'pulasitiki, ndipo banja lathunthu lingadwale ndi cikho cimodzi cozungulira. Cina ndi ndowa yamalata: cakumwa cowawasa cikagonamo cimasungunula zinki yokutira citsuloco, ndipo womwa amasanza ndi kupotokola m'mimba. Ana inu, mukaona ziwiya zotere pamalo ofululira, auzeni akulu mwaulemu.

Aphunzitsi, yesani ici m'kalasi. Tengani mabotolo awiri, thirani madzi ofunda ndi masupuni awiri a shuga m'lililonse. M'botolo limodzi onjezani yisiti ya buledi, linalo lisiyeni. Mangani cibaluni pakamwa pa botolo lililonse, ndipo muwaike pamalo ofunda. Pakatha ola limodzi ana ajambule zimene aona, ndipo anene botolo limene lifanana ndi mbiya yakale.